Ndimangofuna mtr basi, koma seva ikukompayila Rust kuyambira dzulo

seva_yakale:
Akuluakulu muli bwanji pa gulu pano. Mwina ndine ndapusa koma ndithandizeni. Ku ofesi kwathu kuno ku Zomba tili ndi kakompyuta kakale komwe tinakasandutsa seva, kali ndi FreeBSD (operating system ya mtundu wa Unix), RAM 4GB basi, kalibe sikirini kalibe mausi, kamangokhala pansi pa tebulo la a akaunti ndipo ndimakalowa ndi ssh kuchokera pa laputopu. Dzulo masana intaneti imadukaduka ndiye ndinati ndiike mtr, kapulogalamu koyeza njira ya netiweki, ndione kuti mapaketi a data akutayikira pati. Ndinalowa mu /usr/ports/net/mtr (ports ndi njira ya FreeBSD yomangira mapulogalamu kuchokera ku source, pulogalamu iliyonse ili ndi port yake) nkulemba make install clean, kunayamba kubwera timasikirini tabuluu tija tofunsa ma option, kamodzi, kawiri, kachisanu ndinatopa, ndinaimitsa nkuyambanso ndi make BATCH=yes install clean mkati mwa tmux kuti izipitirira ngakhale nditatseka ssh, ine ulendo kukakwera minibasi. Lero mmawa ndafika ndapeza chinthu chikadagwirabe, fani ikulira ngati chigayo, pa tmux pakungoyenda za rust. Rust?? Ine ndimafuna kapulogalamu kongoonetsa manambala. Ndapanga pkg info kuti ndione zomwe zaikidwa, ndapeza libX11, cairo, pango, mafonti ndi zina zomwe sindinazimvepo chibadwire. Bandulo ya ofesi nayo yatsika moti abwana andifunsa kale kuti ndani akuonera mafilimu. Ndiimitse kapena ndidikire?

mlonda_wa_netiweki:
kkkkkk aise walandiridwa. Aliyense pano anadutsamo. Imitsa, Ctrl-C, palibe chomwe chiwonongeke

seva_yakale:
Ndaimitsa. Fani yapuma. Koma chachitika nchani kwenikweni?

madala_a_unix:
Mwana wanga, mtr ili ndi nkhope ziwiri. Ina ndi ija mumaiona pa terminal, ya manambala okhaokha, imagwiritsa ncurses. Ina ndi ya windo, yodina ndi mausi, imeneyo inalembedwa pogwiritsa ntchito GTK, laibulale yopangira mawindo. Mukangoti BATCH=yes mwauza ports kuti isakufunseni kanthu, itenge zomwe wosamalira port anasankhiratu, ndipo iye anasankha zonse ziwiri chifukwa ambiri oika mtr ali pa desktop.

Tsono GTK siyenda yokha. Imafuna cairo yojambulira, pango yolembera zilembo, gdk-pixbuf ya zithunzi, malaibulale a X11 (dongosolo la mawindo pa Unix), komanso librsvg yoonetsera tizithunzi ta SVG. Apo ndi pamene mwagwera, chifukwa librsvg anthu a GNOME anaisamutsira ku chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Rust, ndiye kuti mumange librsvg kuchokera ku source muyenera kukhala ndi kompayila ya Rust, ndipo poti mulibe, ports ikukumangirani kompayilayo kuchokera pansi. Rust imabwera ndi LLVM yakeyake mkati, chida chachikulu chopangira makompayila. Pa makina a 4GB mukanadikira mpaka mvula kuyamba, mwinanso ikanafa pakati chifukwa cha memory.

Mwafuna kapu ya tiyi, akumangirani sitolo ya shuga ndi munda wa nzimbe omwe.

seva_yakale:
Eee madala. Zonsezi chifukwa cha ka windo komwe sindidzakaona nkomwe

madala_a_unix:
Ndi zomwezo. Lamulo langa ndi limodzi, musanalembe make install lembani kaye make missing. Imakuonetsani mndandanda wa zonse zomwe zilibe pa makina anu ndipo zikokedwa. Ukakhala wa mizere itatu pitirizani. Ukadzadza sikirini nkupitirira, imani kaye muganize. Pali make all-depends-list yoonetsa zonse ngakhale zomwe muli nazo kale, ndi make showconfig yoonetsa ma option ali on ndi ali off. Sizidya bandulo izi, zimangowerenga ma Makefile omwe ali kale pa disiki.

chemwali_wa_debian:
Pepani ndifunse mwamwano pang'ono achimwene, mukukompayiliranji? pkg install mtr-nox11, yomwe ndi mtr yopanda windo, ndi masekondi angati? Anthu anamanga kale pa makina awo amphamvu, inu mukungotsitsa. Ine izi zomanga chilichonse kuchokera ku source ndinazisiya nditaona kuti ndikumangokhala mu ofesi mpaka 8 koloko usiku kudikira chinthu choti mnzanga anachipeza pa mphindi imodzi

seva_yakale:
Achemwali zoona sindimadziwa kuti pali ya nox11. Ndinaphunzira FreeBSD kwa munthu amene anali pano ndisanabwere, iyeyo chilichonse amapanga ndi ports ndiye ndinangotengera. Komanso nginx ndi php zathu anazimanga ndi ma option ake, anandiuza kuti ndisamasakanize

madala_a_unix:
Sanakunamizeni kwenikweni. Mukamanga nokha ndi ma option anu kenako nkupanga pkg upgrade, pkg ikhoza kuona kuti ma option akusiyana ndi a ku repo, nkhokwe ya mapaketi omangidwa kale, nkukuchotserani yanu kuika yawo, mmawa mudzuke website ikulira kuti module yakuti kulibe. Pali pkg lock yotsekera paketi kuti isakhudzidwe koma nayo ili ndi mavuto ake malaibulale apansi akasintha. Chinanso pkg pa FreeBSD ya RELEASE imatenga ku quarterly, nthambi yotuluka miyezi itatu iliyonse, pamene ports tree ya anthu ambiri imakhala ya main, yosintha tsiku ndi tsiku, ndiye ma version amasemphana. Koma kwa kanthu ngati mtr-nox11 komwe sikadalira zambiri, achemwali akunena zoona, tsitsani basi.

Poti seva yanu ndi ya ports, konzani vutoli pa muzu. Tsegulani /etc/make.conf, ngati kulibe ipangeni, muikemo

OPTIONS_UNSET+= X11 GUI GTK2 GTK3 WAYLAND

Port iliyonse yomwe ili ndi option ya dzina limenelo izizima yokha.

wophunzira_23:
ine ndinaona penapake analemba WITHOUT_X11=yes, ndi chimodzimodzi?

madala_a_unix:
Ndi yakale imeneyo, ya nthawi yathu. Kuyambira cha mma 2012 ports inasinthira ku dongosolo latsopano la ma option ndipo OPTIONS_UNSET ndi yomwe inalowa mmalo. Mukaona malangizo a WITHOUT_X11 dziwani kuti olemba ake mwina pano ali ndi zidzukulu.

mphwanga_wa_ku_joni:
Moni nonse kuchokera ku Johannesburg. Izi nchifukwa chake ine ndili pa Gentoo Linux. Mzere umodzi mu /etc/portage/make.conf, USE="-X -gtk -wayland" basi nkhani yatha, kenako emerge -pv mtr imakuonetsa zonse zomwe ibweretse ndi kukula kwa zotsitsa usanavomere. Ukafuna paketi imodzi yokha ikhale ndi X umailemba mu package.use. Ukhondo weniweni

mlonda_wa_netiweki:
Wayamba uja kkkk. Munthu wafunsa njira ya ku Liwonde iwe ukumuuza kuti asamukire ku Mzuzu

mphwanga_wa_ku_joni:
Ayi ndikungonena kuti nzeru yake ndi imodzi. USE kwathu, OPTIONS kwa iwo, zonse pamapeto pake zimangosanduka --without-x kapena --without-gtk pa configure, script yokonzekera kumanga pulogalamu. Ine zinandithandiza kumvetsa pamene ndinatsegula ebuild, fayilo ya Gentoo yofanana ndi port, nkuona kuti palibe zamatsenga, ndi script yongopereka ma flag

seva_yakale:
Madala ndaika mzere uja mu make.conf. mtr yokha ndatsitsa ndi pkg monga anenera achemwali, yatheka bwinobwino. Koma ndinati ndiyesere pa ina, tikufuna rrdtool ya ma graph a bandulo, ndapanga make missing ndipo ndikapita mu graphics/cairo nkupanga make showconfig ikuonetsabe X11=on. Ndalakwitsa sipelo? Ndayang'ana katatu

madala_a_unix:
Simunalakwitse. Timasikirini tabuluu tija munadina Enter dzulo musanatope, mukukumbuka? Kalikonse komwe munadina OK kanasungidwa mu /var/db/ports, ndipo zosungidwa mmenemo zimaposa OPTIONS_UNSET mphamvu. Pangani ls /var/db/ports muona mafoda monga graphics_cairo. Lowani mu port nkupanga make rmconfig, kapena pa port yapamwamba make rmconfig-recursive kuti ichotse za onse apansi.

Koma chenjerani, mmenemo mulinso ma option a nginx ndi php omwe mnzanu uja anasankha. Musangochita rm -rf foda yonse. Ikopereni pena kaye.

seva_yakale:
Mwandipulumutsa, chala chinali kale pa rm

chemwali_wa_debian:
kkkk timadziwana

madala_a_unix:
Ilipo ina ya OPTIONS_UNSET_FORCE yomwe imapondereza ngakhale zosungidwa, koma ine sindiikonda, tsiku lina mudzafuna X11 pa port imodzi mudzadina mu make config mpaka kutopa osadziwa chikukukanizani nchani. Mukafuna kulamula port imodzi yokha mu make.conf mumalemba dzina lake motere, graphics_cairo_UNSET+= X11, kapena _SET mukafuna kuyatsa.

mlonda_wa_netiweki:
Pa rrdtool po ndikuchenjeze aise, cairo ndi pango usathawe, zimenezo ndi zomwe zimajambula graph yo kukhala PNG. Sikuti chilichonse chokhudza zithunzi ndi desktop ayi. cairo imatha kujambulira mu fayilo popanda X kulikonse. Ukazima option ya GRAPH pa rrdtool ukhala ndi database yosunga manambala koma chithunzi osatuluka, ndiye abwana ako uwaonetsa chani

wophunzira_23:
apa ndasokonezeka. ndiye libX11 ikakhala pa seva ndiye kuti seva ili ndi desktop? ine ndimaopa kuti mwina ikangoyaka iyamba kutsegula ma windo nkumadya RAM

madala_a_unix:
Funso labwino, ndipo apa ndi pomwe anthu amachita mantha opanda pake. X inapangidwa ku MIT mu 1984, ndipo X11 yomwe tikunenayi ndi ya 1987. Chiyambire inagawidwa pawiri. Kuli X server, imeneyo ndi yomwe imagwira sikirini, kiyibodi ndi mausi, pa ports ndi xorg-server. Kuli malaibulale a mbali ya pulogalamu, libX11, libxcb, libXext ndi anzawo, ntchito yawo ndi kulankhula ndi server yo ikakhalapo. Laibulale si pulogalamu yoyenda, ndi fayilo yongogona pa disiki mpaka wina ataiitana. libX11 yokha ndi ma megabyte ochepa, siyatsa kanthu, sitsegula port, sidya RAM.

Ndiye ine ndikaona libX11 ndi libXpm zabwera chifukwa cha php-gd sinditaya tulo. Chomwe ndimadana nacho ndi GTK, Qt, mesa, chifukwa izo ndi zomwe zimakoka LLVM ndi Rust nkukudyerani tsiku, ndipo mwezi wamawa pakatuluka chigamba cha security pa chimodzi mwa izo mudzamanganso. Katundu aliyense mwaika ndi katundu woti muzimusamala.

chemwali_wa_debian:
Apo ndikugwirizana nanu madala koma pang'ono. Ine pa seva yoyang'ana ku intaneti ndimafunabe zichepe ngakhale zikhale zongogona, chifukwa pkg audit kapena chida chilichonse chofufuza chikayamba kukuwa za laibulale yomwe sindiigwiritsa ntchito ndimayenera kufotokozera anthu omwe sadziwa kusiyana kwake. Bola isakhalepo

Kwa a Debian ndi Ubuntu omwe akungowerenga mwakachetechete, msampha wathu uli pawiri. Woyamba ndi Recommends, apt imaika zinthu zomwe paketi yangoti zingakhale bwino, ndiye lembani apt install --no-install-recommends. Ndipo yang'anani mayina, kuli mtr-tiny, vim-nox, emacs-nox, ndi Java ya headless monga openjdk-17-jre-headless. Wachiwiri ndi womwe unandigwira ine, ndimafuna kumanga vim yatsopano ndekha ndiye ndinati apt build-dep vim kuti indipatse zofunika. Mayi wanga ine. Source ya vim ku Debian imatulutsa mapaketi onse kuphatikizapo vim-gtk3, ndiye build-dep inabweretsa ma header a GTK onse ndi abale awo. Chomwe ndimafuna chinali gcc, make ndi libncurses-dev basi

wophunzira_23:
ndiye munatani

chemwali_wa_debian:
Apa ndi pomwe zinakoma. Ndinati basi zabwera zabwera, ndinapanga ./configure wamba nkumanga, nkukopera binary ku seva ina yopanda kanthu. Kuiyatsa, ikukana, ati libgtk-3.so.0 sikupezeka. Chifukwa configure imanunkhiza, ikapeza ma header a GTK pa makina omangira imangoganiza kuti mukuwafuna osakufunsani. Ndiye osadalira kuti poti sindinapemphe GUI siibwera, muyenera kuikaniza pakamwa

./configure --with-features=huge --enable-gui=no --without-x

Mukamaliza pangani ldd src/vim muone zomwe yamangirira, mukaona libX11 kapena libgtk ndiye kuti china chalowa. Dziwaninso kuti vim yopanda X ilibe clipboard ya X, vim --version ionetsa -xterm_clipboard, ena amadabwa nazo. Pa ssh ine sindinaisowepo

mphwanga_wa_ku_joni:
Zonunkhiza zimenezo kwathu timazitcha automagic, ndipo zimatengedwa ngati bug, munthu amakalemba lipoti. Chifukwa package manager sadziwa kuti binary yamangirira laibulale ija, tsiku lina aichotsa ngati yosafunika, pulogalamu nkufa

madala_a_unix:
Nchifukwa chake ine pa ntchito yeniyeni ndimagwiritsa poudriere. Imamanga port iliyonse mu jail yoyera, malo odzipatula mkati mwa FreeBSD, momwe muli zokhazo zomwe port yanena kuti ikufuna, ndiye palibe chonunkhiza. Mumamangira pa makina amodzi amphamvu, imakupangirani repo yanuyanu, ma seva ang'onoang'ono nkumangochita pkg install kuchokera kwa inu, Rust ndi cmake osafikako nkomwe. Koma mwana wathu wa ku Zombayu ali ndi kabokosi kamodzi pansi pa tebulo, tisamusenzetse zambiri lero.

mlonda_wa_netiweki:
Ndiponyeko zina zomwe zinandilumapo ine. git ukamanga pamanja imafuna Tcl/Tk chifukwa cha gitk ndi git-gui, ndiye make NO_TCLTK=1 imathetsa. ImageMagick ndi ./configure --without-x, umataya display, animate ndi import koma kusintha ndi kuchepetsa zithunzi kumagwira bwinobwino, zomwe ndi zomwe website imafuna. emacs ndi --without-x. Ndipo usanayambe chilichonse ./configure --help | grep -i -e gtk -e gui -e with-x, mphindi imodzi yokha. Za meson ndi cmake mayina ake amasiyana pulojekiti iliyonse, umayenera kutsegula meson_options.txt kapena kupanga cmake -L uone wekha

madala_a_unix:
Pa ports zina mwa zimenezo anazipanga ma flavor, mitundu ingapo ya port imodzi, kuyambira kumapeto kwa 2017, ndiye simusowanso kulimbana ndi ma option. editors/emacs ili ndi nox, ImageMagick7 ili ndi nox11, git ili ndi lite. Mumalowa mu port nkulemba make FLAVOR=nox install clean. Ndipo poti ma flavor amamangidwa ku repo yaikulu, pkg search nox imakuonetsani zomwe zilipo kale.

seva_yakale:
Ndachita rmconfig pa cairo ndi pango, make missing ya rrdtool tsopano yafupika kwambiri ndipo rust mulibe. Koma nanga zinyalala za dzulo zija ndizichotsa bwanji? df ikuonetsa disiki yatsala pang'ono kudzadza

madala_a_unix:
Zili malo atatu. Mapaketi omwe anaikidwa kale, pangani pkg autoremove -n kaye, -n yo ndi yongoonetsa osachotsa. Werengani mndandanda wonse ndi maso anu. Zomwe zinabwera ngati zokokedwa zimalembedwa kuti automatic ndiye zituluka, koma mwina mutulukanso china chomwe mnzanu uja amachigwiritsa ntchito, mukachiona chitetezeni ndi pkg set -A 0 ndi dzina lake. Mukakayika kuti ichi akuchifuna ndani, pkg info -r dzina.

Kachiwiri mafoda a work. Poti munaimitsa pakati, clean sinafike, ndiye mu lang/rust muli work ya ma gigabyte angapo. make clean mmenemo, ndi mu net/mtr.

Kachitatu /usr/ports/distfiles, momwe muli ma source omwe munatsitsa. Za rust chotsani. Zinazo ine ndikanasunga, munalipira kale bandulo.

Chinanso, cairo ndi pango zomwe zili pa makina panopa ndi zadzulo, zomangidwa ndi X11. Kusintha option sikusintha zomwe zaikidwa kale. Zisiyeni zichoke ndi autoremove kuti rrdtool izimange mwatsopano, apo ayi libX11 idzakakamirabe.

chemwali_wa_debian:
Ndipo tsiku lomwe mudzafune GTK pa makina amenewo mudzakumbukire mzere mwaika mu make.conf uja, chifukwa GTK pa cairo yopanda X11 ikhoza kukana kumangika ndipo error yake siinena kuti pitani mukaone make.conf. Ikani comment pamwamba pake, tsiku ndi chifukwa. Amene adzabwere pambuyo panu asadzakutukwaneni ngati mmene mukumuchitira mnzanuyu mumtima

seva_yakale:
kkkk sindinamutukwane achemwali, pang'ono pokha. Ndalemba comment

mlonda_wa_netiweki:
Nzeru ina ya ife a mabandulo, make config-recursive kaye uyankhe mafunso onse nthawi imodzi uli maso, uibwereze mpaka isiye kufunsa chifukwa ukayatsa option ina pamabwera ma port atsopano, kenako make fetch-recursive usiku pamene intaneti ili yotchipa, kumanga mawa lake popanda kutsitsa kanthu. Magetsi akazima pakati make imapitiriza pomwe inalekera nthawi zambiri, koma ikayamba kulankhula zachilendo ingopanga make clean pa port imeneyo uyambirenso

mphwanga_wa_ku_joni:
Za magetsi musandikumbutse, load shedding inandiphera build ya gcc kawiri sabata imodzi mpaka ndinagula ka UPS

mlonda_wa_netiweki:
Ukhondo weniweni uja? kkkkk

seva_yakale:
Akuluakulu autoremove yatha, ndinawerenga mzere ndi mzere ngati mndandanda wa makuponi, ndinapezamo bash yomwe ma script a backup amaifuna ndiye ndaiteteza. Disiki yapuma. rrdtool ikumangika panopa ndipo fani sikulira ngati mmawa.

Koma nkhani ya mtr ija, yomwe inayambitsa zonsezi. Ndaiyendetsa mphindi khumi. Mapaketi akutayika pa hop yoyamba penipeni, pa rauta yathu yomwe ino. Ndapita kukaona, chingwe chochokera ku switch chadutsa pansi pa mpando wa a akaunti ndipo mwendo wa mpando wachitafuna mpaka mawaya akuoneka. Ndani ali ndi crimping tool yopanira mitu ya zingwe ku Zomba kuno andibwereke mawa, yathu anapita nayo mnzanga uja